ZA MFUTI YA ASILIKARI A KEYALA NDI MATENDA ACE

Pa zinthu zonse zimene makolo athu anazigwira ndi manja ao m'nkhondo ziwiri zazikuru zija, palibe cina cimene anacidziwa koposa mfuti. Msilikari anali kugona nayo, kuoloka nayo mitsinje, ndi kuloweza nambala yace pamtima. Koma posimba mbiri ya nkhondo ticuruka kuchula maina a akazembe ndi a malo omenyanapo, ndipo tiiwala munthu wina amene anakhala kumbuyo ndi tizitsulo tace toyesera, ndiye mmisiri wa mfuti. Tafuna tsono kulongosolera aphunzitsi anzathu ndi akatekisi za nchito ya munthu ameneyu, pakuti m'menemo muli mbiri, mulinso kanthu kokhudza cinenero cathu. Cimene tidzaona ndi ici: mfuti zambiri sizinafe ndi cipolopolo ca mdani ai, koma zinadwala ndi kutha kwa tizitsulo tating'ono, ndipo woziciritsa anali iye amene anadziwa kuyesa asanasinthe kanthu.

1. Asilikari ndi mfuti zao

Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa pa 1 January 1902, ndipo anthu athu pomva Angerezi alikuchula malemba atatu K.A.R. anangoti Keyala. Magulu ace awiri oyamba anali a ku Nyasaland, kwao kweni kweni ku Zomba, ndipo cinenero colankhulana naco akuru ndi asilikari cinali Cinyanja. Iwowa anamenyana ndi Ajeremani pa Karonga pa 9 September 1914, natsata kazembe von Lettow-Vorbeck m'dziko la Tanganyika ndi la Mozambique, kufikira iye anatula zida pa Abercorn, pamene lero pachedwa Mbala, pa 25 November 1918. Imeneyo ndiyo akuru akale anaicha nkhondo ya Ciwaya. M'nkhondo yaciwiri ana ao anafika ku Abyssinia m'caka ca 1941, ku Madagascar m'caka ca 1942, ndi ku Burma m'caka ca 1944.

Asanadze Keyala, mfuti yodziwika m'midzi inali gogodera, yothira onga ndi cipolopolo pakamwa ndi kusinja ndi ndodo. Gogodera ikaonongeka, wosula makasu yemwe anali kuikonza, pakuti zitsulo zace sizinafune muyeso wosamalitsa. Koma mfuti ya Boma inali ya mtundu wina. Poyamba asilikari a kuno anapatsidwa zoombera cipolopolo cimodzi cimodzi, za Snider ndi za Martini, zimene azungu anali atazileka. Pambuyo pace analandira Lee-Enfield, yotenga zipolopolo khumi. M'mfuti yotere citsulo cikaperepeseka pang'ono, ngakhale pamene diso silikhoza kuona, nchito yonse isokonezeka.

2. Matenda awiri amene anasintha mfuti

Kuti timvetse Lee-Enfield tiyenera kuyamba tabwerera kwa makolo ace, cifukwa maonekedwe ace anabadwa m'zolakwa za mfuti zinzace zakale.

Martini-Henry inalandiridwa ndi Boma la Angerezi m'caka ca 1871. Khoko la cipolopolo cace, ndilo cija cotsala m'mfuti munthu ataombera, linali la mkuwa wopyapyala wokulungiza, wolumikizidwa ku tsinde lacitsulo. Mfuti ikatentha, ndipo mwaye wa onga ndi mcenga zikaunjikana m'kati, khokolo linali kukanirira. Msilikari pokoka ndi mphamvu, tsinde lokha linali kuturuka, mkuwa ndi kutsala momwemo. Pamenepo munthu anayenera kukolopola ndi mpeni kapena kugumula ndi ndodo, mdani ali pafupi. Zotere zinabvuta kwambiri m'nkhondo ya ku Sudan, makamaka pa Abu Klea m'mwezi wa January 1885. Akuru pofufuza anapeza kuti mlandu waukuru suli pa mfuti koma pa khoko. Anayamba tsono kupanga makoko a mkuwa umodzi wolimba, ndipo m'caka ca 1887 anatalikitsa cigwiriro cotsegulira kuti dzanja likoke ndi mphamvu yoposa. Ili ndilo phunziro loyamba la amisiri: mfuti ikakana, yamba wafunsa cimene waidyetsa.

Nthenda yaciwiri inagwira Lee-Metford, ya caka ca 1888. Dzina lace licokera kwa anthu awiri: James Paris Lee, amene anapanga citsulo cotsekera ndi kabokosi ka zipolopolo, ndi William Metford, amene anapanga mizere yopota ya m'kati mwa mpope, imene izunguza cipolopolo kuti ciyende colunjika. Mizere ya Metford inali isanu ndi iwiri, yosazama, ndipo inayenerana bwino ndi onga wakuda wakale. Koma patapita zaka zowerengeka anayamba kugwiritsa nchito onga watsopano wochedwa cordite, wooneka ngati tizingwe, wopanda utsi wambiri koma wotentha koposa. Motowo unali kudya mizere ija msanga, makamaka pafupi ndi cipinda ca cipolopolo, ndipo mfuti zatsopano zinayamba kuphonya. Amisiri a ku Enfield, pafupi ndi London, anasema mizere isanu yozamirapo, ndipo m'caka ca 1895 mfuti inaturuka ndi dzina latsopano, Lee-Enfield. Yaifupi yace inadza m'caka ca 1904, ndipo mtundu wace wochuka, Mark III, m'caka ca 1907. Motero dzina lomwe la mfutiyi liri cikumbutso ca citsulo cimene cinatha.

3. Mafunso a mmisiri

Tiyenera kupatsa ziwalo maina, kuti awerengi asasokere. Citsulo cacitali cimene msilikari acikankha kutsogolo ndi kucipotoza pansi kuti atsekere cipolopolo, Angerezi acicha bolt. Ife tidzati mpiringidzo, pakuti nchito yace ndi yomweyo ya mpiringidzo wa citseko. Ku mutu wa mpiringidzo kuli kacikhadabo kogwira khoko pa mkombero wace ndi kulikokera kunja. M'kati mwace muli msomali wogogoda fataki, ndiko kaja kozungulira pa tsinde la khoko kamene kayatsa onga.

Msilikari akadza nayo mfuti nati, Yakana, mmisiri wabwino sanali kuthamangira kumasula. Anayamba wafunsa kuti yakana pati: polowetsa cipolopolo kodi, poombera, kapena poturutsa khoko? Pakuti pali ponse pali eni ace a mlandu.

Ikakana polowetsa, anayang'ana kabokosi. Zipolopolo za mfuti iyi, zochedwa .303, ziri ndi mkombero wotukuka, ndipo ziyenera kusanjikana m'kabokosi kuti mkombero wa capamwamba ukhale patsogolo pa wa capansi. Zikasanjikana mosemphana zikolana, ndipo mpiringidzo uima. Apo palibe cothyoka. Wolakwa ndi dzanja lolonga. Koma zikakhala zosanjika bwino, mmisiri anayang'ana milomo ya kabokosi, imene ipindika mfuti ikagwa pa mwala, ndi sipiringi ya m'kati, imene ilefuka ndi zaka. Milomo anaiongola pang'ono pang'ono, nayesa ndi zipolopolo zopanda onga kufikira zitayenda bwino.

Ikakana poombera, anayang'ana cipsera ca pa fataki. Cikakhala cosazama, kapena nsonga ya msomali yaperepeseka, kapena sipiringi yace yafoka, kapena mafuta akale osanganikana ndi pfumbi aumirira m'kati mwa mpiringidzo. Mwa zitatu izi anayamba ndi cacitatu, cifukwa kutsuka sikuononga kanthu.

Ikakana poturutsa, anayang'ana kacikhadabo ndi kasipiringi kace kopindika, kocepa kuposa cikhadabo ca munthu. Kasipiringi aka kakathyoka, mfuti yonse ya mapaundi asanu ndi anai isanduka ndodo cabe, pakuti khoko litsala m'cipinda ndipo cipolopolo cina sicikhoza kulowa. Kukonza kwace ndi nchito ya mphindi zowerengeka. Koma mmisiri sanaleke pomwepo ai. Anaunikanso m'cipinda, cifukwa cipinda cadzimbiri cigwira khoko mwamphamvu, ndipo cidzathyola kasipiringi katsopano monga cinathyolera kakale. Akuru anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

4. Mpata wosaoneka

Nthenda yoopsya koposa zonse inali yobisika. Mpiringidzo ukatsekedwa, pakati pa nkhope ya mutu wace ndi ciyambi ca mpope patsala kampata kokhalamo mkombero wa khoko. Ndi kuombera kwa zaka zambiri, zitsulo zogwirizana ziperepeseka ndipo kampatako kakula. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Mpata ukakula, khoko litamuka poombera, nthawi zina liduka pakati, ndipo mpweya wamoto uturukira kumbuyo, kumene kuli nkhope ya woombera.

Mmisiri anali ndi tizitsulo tiwiri toyesera, kena ka 0.064 ya inchi, kena ka 0.074. Poika kakang'ono, mpiringidzo uyenera kutsekeka. Poika kakakuru, uyenera kukana. Ukatsekeka pa kakakuru, mfuti yadwala, ngakhale kunja ikhale yonyezimira. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi kufanana ndi kucindikala kwa mapepala awiri kapena atatu a m'buku la sukulu. Pamenepo ndi pamene panali malire a mfuti yabwino ndi mfuti yoopsya. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nzeru ya mfuti ya Lee inali yakuti mutu wa mpiringidzo ndi kacitsulo kapadera, kopotera pa mazinga, kokhoza kucotsedwa. Mmisiri sanataye mpope kapena mpiringidzo wonse; anangofuna mutu wina wotalikirapo pang'ono, nauyesanso. Pa mtundu wochedwa No. 4, umene unalandiridwa m'caka ca 1941 ndi kupangidwa ku Mangalande, ku Canada ndi ku America, mitu imeneyi inalembedwa manambala 0, 1, 2 ndi 3, uli wonse wotalika pang'ono kuposa unzace. Mutu wautali koposa ukalephera kutseka mpata, pamenepo anadziwa kuti nthenda yalowa m'thupi leni leni la mfuti, ndipo nchito yace ya nkhondo yatha. Cifukwa ca ici mpiringidzo uli wonse unalembedwa nambala ya mfuti yace, ndipo kusinthana mipiringidzo kunali koletsedwa: ziwalo zooneka zofanana sizinathere pamodzi, cotero sizingakhulupirike pa mfuti ya mwini wina.

5. Mcere ndi cingwe

Mpope unali ndi adani awiri, ndipo waciwiri anabadwa m'mankhwala a woyamba.

Mdani woyamba ndi mcere. Mankhwala a m'fataki za masiku aja anali kusiya mtundu wa mcere m'kati mwa mpope, ndipo mcere uitana cinyezi. M'dziko la mbvula yambiri monga Burma, kapena m'madambo a Rufiji, mpope wosatsukidwa unali kugwira dzimbiri usiku umodzi wokha. Mafuta sasungunula mcere, angouphimba. Cifukwa cace asilikari ataombera anali kuthira madzi owira m'mpope, kuyambira kumbuyo, kuti mcere usungunuke ndi kuti citsulo cotenthaco ciume cokha. Pambuyo pace ndipo anadzoza mafuta.

Mdani waciwiri ndi cingwe cotsukira. M'thako la mfuti iri yonse munali kaciboo kotsekeka, mosungiramo kabotolo ka mafuta ndi cingwe cokhala ndi kacitsulo kolemera ku nsonga. Msilikari anali kumangirira kansaru ka mainchi anai m'litali ndi awiri m'mimba, nakoka cingweco m'mpope tsiku ndi tsiku. Akakoka colunjika, zonse ziri bwino. Koma akakoka copendeka, cingwe cikhula mphepete mwa kamwa la mfuti. Ndipo cingwe ca pfumbi ciri ngati tupa. Monga cingwe ca cidebe cisema mwala wa pacitsime, comweco ici cinasema kanjira pa citsulo, ndipo cipolopolo poturuka cinali kupatuka. Tione tsono codabwitsa: mfuti yotere sinaonongeke ndi ulesi, koma ndi cangu copanda nzeru. Waulesi anaipha ndi dzimbiri, wacangu anaipha ndi cingwe, ndipo mmisiri poyang'ana pakamwa pace anadziwa makhalidwe a mwini wace asanamuone.

6. Mtengo

Mfuti ikayamba kumwaza zipolopolo, anthu ambiri anali kuneneza mpope. Koma kawiri kawiri mlandu unali wa mtengo. Mtengo wa pansi pa mpope uli ndi timapewa tiwiri m'kati, potsamira citsulo pamene mfuti ibwerera m'mbuyo. Timapewa timeneti tikamwa mafuta tifewa ndi kuphwanyika, ndipo citsulo ciyamba kugwedera. Mmisiri anali kusema pofewapo, naikapo zigamba za mtengo wolimba, nazipala kufikira zitagwira bwino, monga acita mmisiri wa matabwa pokonza mwendo wa mpando. Anayesanso msomali wamazinga waukuru wa patsogolo pa kabokosi, pakuti ukamasuka pang'ono, zonse zigwedera.

Pa Mark III panali msampha wa osadziwa. Msomali wautali wogwira thako uli ndi nsonga ya ngondya zinai, yolowa m'kacitsulo ka m'mtengo wakutsogolo. Munthu akaupotoza asanacotse mtengo wakutsogolowo, mtengo ung'ambika. Ambiri ofuna kulimbitsa thako logwedera anaononga cacikuru pokonza cacing'ono.

Mtengo utupanso m'dzinja ndi kuuma m'cirimwe. Pa mfuti zoyamba, kacitsulo kokoka ndi cala poombera kanapacikidwa pa citsulo cotsamira mtengo; cotero mtengo ukatupa kapena kuuma, kukoka kwace kunali kusinthika. M'caka ca 1949 anaturutsa No. 4 Mark 2, m'mene kacitsuloko kanapacikidwa pa thupi la mfuti leni leni. Apanso tiona kuti madandaulo a amisiri a m'misasa anafika ku nyumba zopangira mfuti, nasintha kapangidwe.

7. Yaonongeka, kapena yaonongedwa?

Apa ndi pamene nkhani iyi ikomana ndi malamulo a cinenero. M'Cinyanja tiri nazo njira ziwiri zonenera cinthu cimene cagwa m'tsoka. Tikati cathyoka, cang'ambika, caonongeka, sitichula wocita. Cinthu cangokhala cotero. Koma tikati cathyoledwa, cang'ambidwa, caonongedwa, womva ayembekeza dzina, pakuti pali wina anacita. Mphunzitsi ali yense adziwa kuti mwana wobwera ndi sileti la zidutswa ziwiri sanena kuti ndathyola; anena kuti lathyoka.

Malamulo a asilikari a Angerezi anasiyanitsa zinthu ziwiri zomwezi. Ciwalo cotha ndi nchito yace, Boma linali kucisintha kwaulere. Koma coonongeka ndi kusasamala, mtengo wace unali kudulidwa pa malipiro a msilikari. Kwa munthu wa ndalama zocepa, wokhala ndi mkazi ndi ana kumudzi, mlandu wotere sunali waung'ono. Msilikari anadza nati, Yaonongeka. Ndipo inali nchito ya mmisiri kuweruza ngati mneni woyenera ndi wa -ka kapena wa -dwa. Kasipiringi kothyoka ndi ukalamba, ndi mpata wokula ndi zaka, nza -ka. Dzimbiri la mcere wosatsukidwa, ndi mtengo wong'ambika ndi dzanja lopupuluma, nza -dwa. Mmisiri woweruza ndi maso okha anakhoza kulipiritsa wosalakwa, kapena kubwezera munthu mfuti yomuphulikira kumaso. Woyesa ndi muyeso anapulumutsa thumba la wina ndi diso la wina. Aphunzitsi ofuna citsanzo pophunzitsa aneni awa acipeza pano.

Tizindikirenso kuti kutha ndi kuthyoka si cinthu cimodzi. Cothyoka cidziulula cokha tsiku lomwelo. Cotha cibisala, cigwirabe nchito, ndipo cidikira tsiku loipa.

8. Matsiriziro ace

Itatha nkhondo yaciwiri, mfuti zambiri zinabwezedwa ku nyumba zopangira, kumene zinamasulidwa zonse, ziwalo zotha ndi kusinthidwa. Zotere zinadindidwa malemba F.T.R. Zina zimene zinalephera muyeso zinadindidwa D.P., kutanthauza kuti nza perete ndi kuphunzitsira kagwiridwe kokha, zosayenera kuombera konse. Kuyambira caka ca 1957 asilikari a Angerezi anayamba kulandira mfuti ya mtundu wina, ndipo m'caka ca 1964 gulu loyamba la Keyala linasanduka Malawi Rifles. Koma Lee-Enfield sinafe msanga. Alonda a kumpoto kozizira kwa Canada, ochedwa Canadian Rangers, anailandira m'caka ca 1947, nakhala nayo zaka makumi asanu ndi awiri. Ndipo pamene anayamba kuileka, ca m'ma 2018, cifukwa cacikuru cinali kusowa kwa ziwalo zosinthira. Imene inapirira mcenga, matope ndi cisanu inagonja pamene tizitsulo tating'ono tinaleka kupezeka.

Zina mwa zotsala ziri m'nyumba zosungiramo zakale, zina m'manja mwa anthu okhala ndi cilolezo ca Boma. Mphunzitsi kapena mkatekisi ndiye amene anthu athamangira kumfunsa akapeza mfuti yakale m'denga la nyumba ya malemu, kapena zipolopolo polima m'munda. Mau oyenera kuwauza ndi awa: asaiyese, asaitsuke kuti aombere, asaponye zipolopolo pamoto, koma akauze a polisi. Mpata uja suoneka ndi maso, ndipo malemba D.P. akhoza kubisika pansi pa dzimbiri.

Pa nsanja ya cikumbutso ku Zomba palembedwa maina a asilikari a Keyala amene anafa pa nkhondo ya Ciwaya. Pophunzitsa ana za iwo, tisaiwale kuwauzanso kuti pakati pa obwerera amoyo panali ena amene anapulumuka cifukwa munthu wina, m'hema la kumbuyo, anadekha mtima, nayesa kampata ka mapepala atatu, nakana kubweza mfuti kufikira itayenera.